Kuzindikira Zilembo za pa Galimoto ndi Kujambulanso Logo Kuti Makina Odula Sitika Ailandire

Ntchito imene imasautsa odula masitika ambiri mu Lusaka imabwera chonchi. Mwini HiAce kapena Rosa wapentetsa minibasi yake, dzina la kumbuyo lafufutika, ndipo akufuna libwerere monga linalili. Kapena mwini garaja wa mu Lumumba Road akufuna chikwangwani chosonyeza mitundu ya magalimoto amene amakonza. Amakutumizirani chithunzi pa WhatsApp, inu n'kuchiika mu kompyuta, kudina Trace, batani losandutsa chithunzi kukhala mizere, n'kutumiza ku makina. Chotuluka ndi mizere yonjenjemera, O wophwanyika mbali imodzi, ndi vinyl, pulasitiki yomata ya sitika, yong'ambika posenda. Ena amatopa n'kungolemba dzinalo ndi Arial Bold, koma minibasiyo ikaima pa Kulima Tower pafupi ndi inzake, aliyense amaona kuti china chake sichili bwino.

Gwero la vutoli ndi limodzi. Dzina lolembedwa pa galimoto nthawi zambiri si fonti, kutanthauza mtundu wa zilembo za pa kompyuta, imene mungaipeze yathunthu pa intaneti. Makampani amatenga fonti yodziwika n'kuisintha, kapena amajambulitsa zilembo zawozawo. Choncho ntchito yanu ili pawiri: kupeza fonti yoyandikira kwambiri, kenako kuikonza ndi dzanja mpaka igwirizane ndi miyeso ya pa galimotoyo.

## Zofunika kukhala nazo

- Foni ya kamera yooneka bwino
- Rula ya mamilimita ndi tepi yoyezera. Vernier, chida choyezera tizinthu tating'ono, ngati muli nayo
- Pepala loyera lopyapyala, pensulo yofewa, ndi tepi yomatira ya pepala
- Nsalu ndi madzi zopukutira fumbi
- Kompyuta yokhala ndi Inkscape, imene ndi yaulere. CorelDRAW kapena Illustrator zimagwiranso ntchito yomweyi
- GIMP kapena Photoshop yowongolera chithunzi
- Bandulo ya intaneti
- Zidutswa za vinyl zotsala, zoyesera kudula

Mabatani amene nditchule m'munsimu ndi a Inkscape, kupatula pamene ndanena pulogalamu ina.

## Yambani mwafufuza

1. Funsani mtundu wa galimoto ndi chaka chake. Ma logo amasintha. Toyota inayamba kugwiritsa ntchito chizindikiro cha zozungulira zitatu zija mu 1989, ndipo Hilux ndi Land Cruiser zakale zimakhala ndi dzina lakuti TOYOTA lokha kutsogolo. Volkswagen inasintha logo yake mu 2019, Nissan mu 2020, Kia mu 2021. Mukangolemba dzina pa Google, yotuluka pamwamba kawirikawiri imakhala yatsopano.

Chenjerani ndi magalimoto ochokera ku Japan, amene ndiwo adzaza misewu yathu. Ambiri a Toyota opangidwira msika wa kumeneko ali ndi chizindikiro chawochawo kutsogolo: Mark X ili ndi X, Crown ili ndi chisoti chachifumu, Allion ili ndi A wake, Harrier yakale ili ndi mbalame. Mwiniwake akati "ndikufuna logo ya Toyota", mufunseni kuti ya kutsogolo kapena ya kumbuyo, ndipo pitani mukaone galimotoyo.

2. Onani ngati vector ilipo kale, kutanthauza logo yojambulidwa ndi mizere imene makina odula amatsata. Funafunani kabuku ka malonda ka galimotoyo ka PDF pa webusayiti ya kampani. Katseguleni, kulitsani logo mpaka 1600%. M'mbali mukakhala mosalalabe, ndiye kuti ndi vector. Mukaoneka timabokosi, ndi chithunzi chabe. Ikakhala vector, tsegulani PDF ija mu Inkscape, patulani zinthu ndi Shift+Ctrl+G kangapo, n'kutenga logoyo. Mu Adobe Reader mulinso njira yachidule: pitani pa Properties, kenako Fonts, ndipo mudzaona mayina a mafonti amene ali m'kabukuko.

Musakhulupirire msanga mafayilo a pa mawebusayiti ogawa ma logo aulere. Ambiri anajambulidwa ndi anthu othamanga, ndipo fayilo ikhoza kutchedwa SVG kapena PDF m'kati muli JPG. Chilichonse chimene mwatsitsa chiyerekezeni ndi galimoto yeniyeni.

## Chithunzi ndi miyeso

Apa ndi pamene ntchito imapambanira kapena kuonongekera, ndipo ndi pamene anthu ambiri amathamangira.

3. Jambulani moyang'anizana nacho. Pukutani fumbi. Ikani galimoto pa mthunzi, chifukwa chitsulo chonyezimira chikakhala pa dzuwa chimabisa m'mbali mwa zilembo, ndipo chimaonetsa inuyo ndi foni yanu. Matani rula pansi pa dzinalo kuti ilowe m'chithunzi. Bwererani m'mbuyo mamita awiri kapena atatu, kokani ndi zoom, kamera ikhale pa msinkhu umodzi ndi pakati pa logo. Mukayandikira kwambiri, kamera ya foni imatupitsa za pakati n'kupinda za m'mbali, ndipo kupindika kumeneko mudzakujambula ngati kuti ndi kwa logo.

Ngati chithunzi akukutumizirani ndi mwini galimoto, muuzeni achitumize pa WhatsApp ngati Document. Akachitumiza mwa nthawi zonse, WhatsApp imachichepetsa ndipo m'mbali mwa zilembo mumachita mbuu.

4. Zilembo zikakhala zotumphuka, khwekhwerezani pensulo. Matani pepala lopyapyala pamwamba pa dzinalo, ligwireni kuti lisasunthe, kenako khwekhwerezani pensulo yogoneka pang'onopang'ono. M'mbali mwa chilembo chilichonse mudzatuluka pa pepalapo mu msinkhu wake weniweni, popanda kupindika kwa kamera ngakhale kunyezimira. Ine njira iyi ndimaiika patsogolo pa chithunzi chilichonse. Imathandizanso pamene chilembo chinagwa koma pa penti patsala chipsera cha guluu: chipseracho chizungulizeni ndi pensulo pa pepala, ndipo muli ndi malo ake enieni. Pepalalo lisikanitseni pa 300 dpi kapena kuposa. Malo osindikizira mapepala mu tauni ndi m'makomboni amachita zimenezi.

5. Lembani miyeso. Kutalika kwa dzina lonse kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza, msinkhu wa chilembo chosongoka ngati T kapena H, kunenepa kwa mzere woimirira, kunenepa kwa mzere wogona, ndi mpata wa pakati pa zilembo ziwiri zilizonse. Zonse mu mamilimita. Musayeze msinkhu pa O kapena S, chifukwa chake ndifotokoza pa nambala 11.

6. Wongolani chithunzicho. Mu GIMP, gwiritsani ntchito Perspective mpaka rula ija igone ndendende ndipo mizere yoimirira iimirire. Sungani kope imodzi yokhala ndi rula, mudzaifuna pa nambala 10. Kenako pa kope ina dulani kuti patsale dzina lokha, n'kulisandutsa lakuda pa choyera ndi Threshold. Pamene Threshold yadya chilembo, dzazani ndi burashi yakuda.

## Kuzindikira fonti

7. Yang'anani ndi maso musanafunse kompyuta. Funso loyamba: zilembozo zili ndi timichira kumapeto kwa mizere, timene timatchedwa serif, kapena n'zopanda? Dzina la Mercedes-Benz lili nato. Linalembedwa ndi Corporate A, imene Kurt Weidemann anajambulira kampaniyo. Magalimoto ambiri a ku Japan alibe. Funso lachiwiri: n'zotambalala, zopapatiza, kapena zapakati? Lachitatu: O wake ndi wozungulira, wautali, kapena wa makona ofewa ngati bokosi?

Mayankho atatuwa amakufikitsani kale pa banja la fontiyo. Mabanja amene mudzakumana nawo kawirikawiri ndi awa.

Helvetica, imene Max Miedinger anajambula mu 1957, ndi imene ili pa dzina la Jeep, ndipo BMW inaigwiritsa ntchito zaka zambiri. Vuto lake n'lakuti anthu amaisokoneza ndi Arial, ya mu 1982, imene imabwera ndi Windows. Kuti muzisiyanitse, yang'anani C ndi S: pa Helvetica nsonga zake zimadulidwa mogona, pa Arial zimadulidwa mopendekeka. Yang'anani R: mwendo wa Helvetica umatsika pafupifupi choimirira, wa Arial umapita chakunja. G wa Helvetica ali ndi kamchira kotsika pansi kudzanja lamanja, wa Arial alibe. Ndipo t wamng'ono wa Arial ali ndi mutu wodulidwa mopendekeka. Mukazolowera zinayi izi, mudzayamba kuziona pa zikwangwani zonse za mu Cairo Road.

Futura, ya Paul Renner ya mu 1927, ili ndi O wozungulira pafupifupi ndendende, ndipo ikakhala yopyapyala A ndi M wake amasongoka pamwamba. Volkswagen inaigwiritsa ntchito nthawi yaitali pa malonda ake.

Eurostile, ya Aldo Novarese ya mu 1962, ndi inzake yakale Microgramma, zili ndi O wa makona ofewa, ndipo nthawi zambiri zimakhala zotambalala. Mukaona zilembo zotere pa dzina la mtundu wa galimoto, pa mawu ngati TURBO, kapena pa manambala a sipidi, yambirani pamenepo.

Ndiye pali zimene si fonti n'komwe. Dzina la Ford la m'chozungulira cha buluu ndi zolemba pamanja. Musataye bandulo kufunafuna fonti yake. Lumphirani pa nambala 13.

8. Tsopano funsani makina ofufuzira. Ikani chithunzi chanu chakuda pa choyera pa WhatTheFont, WhatFontIs kapena Font Squirrel Matcherator. Chikhale mzere umodzi, wogona bwino, wopanda chizindikiro pambali. Zilembo zikakhala zogundana, zipatuleni kaye mu GIMP. Identifont imagwira ntchito mosiyana: imakufunsani mafunso okhudza maonekedwe a zilembo, ndipo imathandiza pamene chithunzi chili choipa koma galimoto mukuiona.

Yankho loyamba silikhala lolondola nthawi zonse. Dzina ngati ISUZU lili ndi zilembo zinayi zokha zosiyana, ndipo mafonti ambirimbiri ali ndi I ndi U ofanana. Sankhani atatu kapena anayi kuti muwayese.

9. Pezani fonti mwa njira yoyenera. Helvetica, Futura ndi Eurostile n'zogulitsa, ndipo mafonti a makampani a magalimoto nthawi zambiri sagulitsidwa kwa anthu wamba. Popeza mukakonzabe zilembo ndi dzanja, yaulere yoyandikira imakwanira poyambira. Pa Google Fonts pali Jost yofanana ndi Futura, ndi Michroma yofanana ndi Microgramma. Nimbus Sans ndi TeX Gyre Heros zimatsanzira Helvetica. Pewani mafayilo a mafonti obedwa amene amayenda m'mafulashi. Ena amabwera ndi mavairasi, ndipo kompyuta ya pa shopu ikagwa, ntchito za makasitomala onse zagwa nayo.

## Kujambula vector

10. Konzani tsamba. Mu Document Properties sankhani mamilimita. Lowetsani chithunzi chokhala ndi rula chija, tsekani kaloko ka pakati pa W ndi H (m'lifupi ndi msinkhu) kuti chisapindike pokulitsa, n'kuchikulitsa mpaka masentimita 10 a pa rula ya m'chithunzi akhale mamilimita 100 pa tsamba. Chepetsani kuoneka kwake kufika theka, tsekani layer imeneyo, kutanthauza gawo la tsamba limene chithunzi chilipo, tsegulani ina pamwamba yojambulapo. Kokani mizere iwiri yothandizira, wina pamene zilembo zaima, wina pamitu pake. Sungani fayilo pompano ndi Ctrl+S, ndipo muzisunga mukamaliza chilembo chilichonse, chifukwa magetsi sachenjeza akamazima.

11. Ikani zilembo chimodzichimodzi. Lembani dzinalo ndi fonti imene mwasankha, mu mtundu wofiira kuti ionekere pa chithunzi. Likulitseni mutagwira Ctrl mpaka T kapena H akhudze mizere iwiri ija. Lisandutseni mizere ndi Shift+Ctrl+C. Mu CorelDRAW ndi Ctrl+Q, mu Illustrator ndi Shift+Ctrl+O. Patulani zilembozo, chilichonse n'kuchikokera pamwamba pa chinzake cha m'chithunzi.

Mudzapeza kuti chimodzi chakwana, china chapapatiza, china chanenepa. Chiyeso chachikulu chili apa: kugwira chilembo m'mbali n'kuchikoka kuti chitambalale. Musatero. Mukakoka chonse, mizere yoimirira imanenepa pamene yogona yatsala momwemo, ndipo chilembo chimaoneka chotupa. M'malo mwake dinani N, zungulizani timadontho ta mbali imodzi ya chilembo, timene timatchedwa ma node, n'kutisuntha tonse pamodzi ndi mivi ya pa kiyibodi. Chilembo chimatambalala, kunenepa kwa mizere osasintha.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati zolakwika koma muyenera kuzisiya. Choyamba, O, S, C ndi pansi pa U zimapitirira pang'ono mizere yothandizira ija. Wojambula anachita dala, chifukwa chozungulira chikangokhudza mzere chimaoneka chaching'ono pafupi ndi T. Chachiwiri, mizere yogona imakhala yopyapyala pang'ono kuposa yoimirira. Mukazilinganiza, yogona imaoneka yolemera.

Chilembo chobwereza chikonzeni kamodzi. TOYOTA ali ndi T awiri ndi O awiri, NISSAN ali ndi N awiri ndi S awiri. Konzani chimodzi mpaka mukhutire, kenako Ctrl+D. Mipata muiike potsatira miyeso imene munalemba pa nambala 5. Pakati pa T ndi A, kapena Y ndi O, zilembo zimalowana kuti diso lione mpata wofanana, choncho musadine batani logawa mipata mofanana.

12. Chizindikiro chimangeni ndi masamu. Chizindikiro cha kampani ya magalimoto chimachokera pa zozungulira, makona ndi mizere yoongoka, ndipo dzanja silingapikisane ndi zida za pulogalamu pa zimenezi.

Cha Mitsubishi ndi chabwino kuphunzirirapo. Jambulani chamakona atatu ofanana ndi chida cha Polygon mutagwira Ctrl. Chibwerezeni, chitembenuzeni chadodolido ndi V, gundanitsani matako awo, n'kuzilumikiza ndi Union kuti mukhale ndi dayamondi imodzi. Idineni kawiri kuti kamtanda ka pakati kaoneke, kokerani kamtandako ku nsonga ya pansi. Bwerezani dayamondiyo, izungulizeni madigiri 120 mu Transform, n'kuteronso kachiwiri. Nsonga zitatu zimakumana pa malo amodzi, ndipo chizindikiro chatha.

Nyenyezi ya Mercedes-Benz imatsata njira yomweyo: mwendo umodzi, madigiri 120 kawiri. Mphete zinayi za Audi ndi mphete imodzi yobwerezedwa pa mpata wofanana.

Cha Toyota chimafuna kudekha. Zozungulira zake sizinenepa mofanana paliponse: mzere umakula pena n'kuchepa pena. Mukajambula chozungulira chimodzi n'kuchipatsa mzere wonenepa, chidzaoneka chabodza. Pa chilichonse cha zitatuzo jambulani chakunja pachokha ndi cham'kati pachokha, zilinganizeni pa chithunzi, kenako chotsani cham'kati ndi Difference. Popeza mbali ya kumanzere ndi ya kumanja n'zofanana, ziikeni zonse pa mzere umodzi wa pakati ndi Align, Shift+Ctrl+A. Chithunzi chikamaonetsa mbali imodzi yosiyana ndi inzake, cholakwa ndi chithunzicho.

13. Zolemba pamanja zitsateni ndi Pen. Dinani B. Ikani node pamwamba penipeni pa kukhota, pansi penipeni, kumanzere ndi kumanja kwenikweni, osati paliponse pamene dzanja latopa. Timikono ta node tikokeni mutagwira Ctrl kuti tigone kapena tiimirire. Chozungulira chimakwanira ndi ma node anayi. Mukaona kukhota kumodzi kuli ndi khumi, chotsani ambiri, ndipo mzere udzasalala.

Trace Bitmap, Shift+Alt+B, ili ndi malo ake: chithunzi chachikulu chakuda pa choyera cha chinthu chosatsata masamu, monga mbalame ya Harrier. Ngakhale pamenepo, chotulukacho chitengeni ngati poyambira. Simplify, Ctrl+L, imachepetsa ma node, koma mukaidina kambiri imadya makona.

## Kukonzekera makina odulira

14. Yang'anani mu Outline. Mu CorelDRAW amati Wireframe. Apa mumaona zimene kampeni ka makina kadzatsata, popanda mitundu. Mzere uliwonse wonenepetsedwa ndi stroke, kutanthauza kunenepa kongoonekera pa sikirini, usandutseni ndi Stroke to Path, Ctrl+Alt+C, apo ayi makina adzadula pakati pake kamodzi kokha. Zolowana za mtundu umodzi zilumikizeni ndi Union, kapena Weld mu CorelDRAW. Fufuzani mizere yosatsekeka, ndi zinthu zosanjikizana zimene Ctrl+D inasiya. Kampeni kakadutsa kawiri pamalo amodzi kamaboola pepala la pansi. Chotsani chithunzi chija chimene mumatsatira pojambula.

15. Yesani pa pepala. Sindikizani pa 100%, osati Fit to page, kapena lumikizani mapepala angapo ngati dzina ndi lalitali. Pitani nalo pa galimoto, limateni pamalo pake, imani patali. Pepala n'lotsika mtengo kuposa vinyl.

16. Sungani ndi kutumiza. Sungani SVG yanu yosasintha, ndipo odula muwapatse PDF kapena EPS. SVG ikamachoka pulogalamu ina kupita ina nthawi zina imasintha kukula, choncho lembani msinkhu pa dzina la fayilo, mwachitsanzo hiace_kumbuyo_420mm, ndipo uyezeninso makina asanayambe. Sitika yomata m'kati mwa galasi itembenuzeni ndi H. Dulani kaye pa chidutswa chotsala. Pamalo opindika sankhani vinyl ya cast, imene imatsata thupi la galimoto. Ya calendered ndi ya malo athyathyathya, ndipo pa dzuwa la Okutobala imafulumira kukhwinyata m'mbali. Mtundu usankheni mutagwira vinyl yeniyeni pafupi ndi galimoto, osati poyang'ana sikirini.

Mawu amodzi okhudza umwini. Logo ndi katundu wa kampani yake, ndipo muno mu Zambia zizindikiro za malonda zimalembetsedwa ku PACRA. Kubwezeretsa dzina pa galimoto ya munthu n'kosiyana ndi kusindikiza logo pa mabokosi a masipeya achinyengo, kapena kulemba chikwangwani chonamiza anthu kuti garaja ndi nthambi ya kampaniyo. Ntchito ziwiri zomalizazo zikaneni. Mabuleki abodza a m'bokosi lokongola amakathera pa minibasi yonyamula abale athu.

## Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kujambula logo yopendekeka osawongola. Dzina limatuluka lalikulu mbali imodzi. Bwererani pa nambala 6, kapena khwekhwerezani pensulo.

Kutsata mthunzi ndi kunyezimira. Chilembo chachitsulo chili ndi nkhope ndi m'mbali motsetsereka. Sankhani mzere umodzi, wa nkhope kapena wa pansi pogundana ndi penti, n'kuutsata pa zilembo zonse. Mukasakaniza, zina zimanenepa zina zimaonda.

Kutumiza zilembo zisanasanduke mizere. Kompyuta ya odula ikapanda fonti yanu imaika ina mwakachetechete, ndipo mumazindikira sitika itadulidwa kale.

Kudina Bold kapena Italic yabodza. Pulogalamu ikanenepetsa kapena kupendeketsa fonti yokha, zozungulira zimapotoka. Pezani Bold kapena Italic yeniyeni ya banjalo.

Kuchepetsa logo mopitirira. Mizere yopyapyala kuposa mamilimita awiri imavuta kusenda ndipo imayamba kumatuka potsuka galimoto. Kasitomala akafuna kakang'ono kwambiri, kasindikizeni pa sitika yathunthu m'malo modula chilembo chilichonse.

Kutaya fayilo ntchito ikatha. Sungani iliyonse m'foda ya mtundu wake, pamodzi ndi chithunzi, miyeso ndi chaka cha galimoto, ndipo ikani kope ina pa fulashi kapena Google Drive. Mwini HiAce wina akabwera mawa, yerekezani kaye miyeso ya galimoto yake ndi imene munalemba musanadule, chifukwa dzina lomwelo limasiyana kukula pa magalimoto a zaka zosiyana.